Yambani ndi Count Basie, achimwene

Achimwene, mwati mumaimba lipenga kutchalitchi, mwakopeka ndi nyimbo za swing zomwe mwazipeza pa YouTube za magulu a m'ma 1990, ndiye mukufuna kudziwa komwe zinachokera ndi poyambira kumvera. Ine ndikuti zimenezo zisungeni kaye. Fufuzani zomwe gulu la Count Basie linajambula kukampani ya Decca kuyambira 1937 mpaka 1939, mukhale nazo mwezi wathunthu.

Swing, womwe ndi mtundu wa jazz wovinira woimbidwa ndi magulu akuluakulu, inaphukira m'maholo a dansi a anthu akuda a ku America. Ku New York m'ma 1920 kunali gulu la Fletcher Henderson, ndipo yemwe ankalikonzera nyimbo, Don Redman, anagawa oimba m'timagulu: malipenga ndi matromboni uku, masaksofoni uko, n'kumayankhana. Inu a kutchalitchi simungadabwe nazo, wina amayambitsa ena n'kuvomera. Louis Armstrong atalowa m'gululi mu 1924 anabwera ndi kalizidwe kofewa, kokoka phazi, ndipo anzake onse anayamba kumutsanzira. Mbewu yake ndi imeneyo.

Nanga bwanji ndikukutumizani kwa Basie osati kwa Henderson? Chifukwa kwa Basie ndi komwe khutu limagwira msanga chimene chimavinitsa. Gululi linachokera ku Kansas City, komwe ankaimba usiku wonse mpaka mbandakucha, ndipo nyimbo zawo zambiri zoyambirira sankazilemba papepala. Mmodzi ankapeka kachidutswa kakafupi, anzake n'kukagwira, ena n'kukayankha, nyimbo yapsa basi. Tsono pomvera koyamba musathamangire malipenga, ngakhale ndikudziwa kuti mtima wanu uli komweko. Tcherani khutu kwa anthu anayi a kumbuyo: Freddie Green pagitala, amene amangogunda kanayi kanayi mosatopa, Walter Page pabesi, Jo Jones pang'oma, ndi Basie mwini wake papiyano, yemwe amangodontheza timawu tiwiri titatu n'kukhala chete. Anayiwa amayenda ngati munthu mmodzi. Mukaona phazi lanu layamba kugunda pansi lokha, ndiye mumvere saksofoni ya Lester Young ndi lipenga la Buck Clayton. Clayton akuphunzitsani kuti lipenga silifunika kukuwa kuti limveke.

Mabuku ambiri amati nyengo ya swing inayamba pa 21 Ogasiti 1935, pomwe gulu la mzungu Benny Goodman linasangalatsa achinyamata ku Palomar Ballroom ku Los Angeles. Tsikulo n'lofunika ndithu, koma dziwani kuti zambiri zomwe Goodman ankaimba anamukonzera ndi Henderson yemwe uja. Chomwe chinasintha n'chakuti azungu ambiri anayamba kuvina zomwe a ku Harlem, dera la anthu akuda ku New York, anali atazivina kale zaka zingapo. Komabe Goodman ndimamupatsa ulemu, chifukwa m'nthawi ya tsankho anaimirira pabwalo limodzi ndi oimba akuda, Teddy Wilson ndi Lionel Hampton. Kumbukirani kuti ku Cotton Club, komwe Duke Ellington anatchukira kuyambira 1927, oimba anali akuda koma makasitomala anali azungu. Ku Savoy Ballroom, yomwe inatsegulidwa mu 1926 ku Harlem komweko, onse ankalowa, ndipo ndi komwe gule wa Lindy Hop anakulira.

Kugwa kwa swing kunali kwa ndalama. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inatenga oimba ambiri, mafuta a mabasi anasowa, bungwe la oimba linaletsa mamembala ake kujambula mbale kuyambira 1942 mpaka 1944, ndipo boma linaika msonkho wokwera pa malo ovinira. Kulipira anthu 16 usiku uliwonse kunakhala mtolo. Pofika kumapeto kwa 1946 magulu otchuka angapo anabalalika, la Goodman lomwe.

Za kuuka kwake n'zimene zimandikhudza kwambiri. Ellington ndi Basie anapitirizabe, ndipo mukamaliza mwezi wa Basie mumvere zomwe Ellington anaimba ku Newport mu 1956, pomwe Paul Gonsalves analiza saksofoni kuzungulira nyimbo imodzi maulendo 27 osaima, anthu n'kudzuka m'mipando. Koma amene anabwezeradi swing kwa achinyamata anali ovina. Frankie Manning, katswiri wa ku Savoy, anasiya dansi n'kugwira ntchito kupositi ofesi zaka pafupifupi 30. M'ma 1980 achinyamata a ku America, Sweden ndi Britain anayamba kufunafuna akuluakulu omwe ankavina kale, ndipo anamupeza. Mkuluyu anayendayenda m'mayiko akuphunzitsa mpaka anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 94. Mpaka lero m'mudzi wa Herräng ku Sweden mumasonkhana ovina ochokera m'mayiko ambiri. Magulu omwe mwawapezawo, monga Brian Setzer Orchestra ndi Big Bad Voodoo Daddy, anabwera anthu atayamba kale kuvina. Ndi osangalatsa, sindikuwanyoza ayi, koma ng'oma yawo ndi yolemera, ili ndi rock mkati. Mukayambira pamenepo khutu lizolowera phokoso, Basie adzamveka ngati wozizira.

Ngati mukufuna gulu la masiku ano loti muzilionera pavidiyo n'kumaphunzira kakhalidwe ka oliza malipenga, onerani Jazz at Lincoln Center Orchestra ya Wynton Marsalis. Ndipo musaiwale za ku Joni, komwe agogo athu ambiri anakagwira ntchito m'migodi: kumeneko kunali magulu monga Jazz Maniacs ndi Merry Blackbirds, omwe ankaimba swing m'maholo a m'makomboni. Ntemi Piliso anadzutsanso maimbidwe amenewo kumayambiriro a m'ma 1980 ndi gulu la African Jazz Pioneers. Amenewa amvereni pamodzi ndi anzanu a m'gulu lanu la kutchalitchi, kenako musankhe kachidutswa kamodzi kakafupi, malipenga ayambitse, matromboni avomere.