Lamulo limakupezani muli pa msewu wa ku Songwe

Achemwali, mwandifunsa kuti malonda okapikula katundu ku Tanzania amayenda bwanji, ndiponso kuti munthu woyamba kumene amafunika mpamba wochuluka motani. Za mpambazo sindikuyankhani, chifukwa ndaonapo anthu akuwoloka mlatho wa Songwe ndi chikwama chodzaza ndalama n'kubwerera kuno ku Mzuzu chimanjamanja, pamene ine ndinayamba ndi zitenje zoti ndinkazisenza ndekha pamutu, ndipo ana anga onse ndawaphunzitsa ndi benchi imodzi ya mu msika wa Taifa. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti muziopa lamulo, pakuti limasainidwa ku Lilongwe inu muli m'basi pa mapiri a Chiweta, ndipo limadzakupezani katundu mutalipira kale.

Anzathu amene amadutsa pa Mchinji popita ku Chipata adzakukometserani ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono ya COMESA (bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa), imene inayamba mu 2010, yoti katundu wosapitirira madola 2,000 amene ali pa mndandanda wogwirizana amalowa ndi fomu yaifupi popanda msonkho wa pachipata. Nkhani imeneyo musadzapite nayo ku Songwe, adzakusekani. Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000, kotero ife a kumpoto kuno tinkangoimva ndondomekoyo ngati nyimbo ya ku ukwati wa eni. Chathu chinali pangano la SADC, limene limafuna chiphaso chosonyeza kuti katunduyo anapangidwadi ku Tanzania, chonsecho nsapato, zikwama ndi ziwiya zambiri za mu msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam ndi zochokera ku China, ndipo zimalipitsidwa msonkho wonse, VAT pamwamba pake.

Malamulo ena amaoneka ngati abwera kudzatiteteza. Mu 2012, amalonda a ku Karonga atadandaula kuti alendo ochokera ku China akuwalanda makasitomala, boma linakhazikitsa lamulo loti alendo ochita malonda azigulitsa m'mizinda inayi yokha: Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Ku Karonga anthu anasangalala, ndipo sindiwadzudzula. Koma onani kuti Mzuzu uli pa mndandandawo. Mpikisano umene unachotsedwa m'maboma unatsalira ife a mu mzinda, amene timagula katundu yemweyo atadutsa kale m'manja awiri kapena atatu.

Za ndalama zakunja ndingonena mwachidule, chifukwa zimandikwiyitsa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo amene anali atagulitsa katundu pa ngongole sabata imeneyo analandira ndalama zosakwanira kukaodanso katundu yemweyo. Musamagone ndi makwacha ambiri m'nyumba. Asandutseni katundu msanga.

Koma chimene chinatsala pang'ono kundithetsa ndi lamulo loyang'anira katundu wolowa ndi wotuluka m'dziko, limene Nyumba ya Malamulo inalikonzanso mu 2018. Ambiri a ife sitinkadziwa n'komwe kuti liliko. Lamuloli limapatsa nduna ya zamalonda mphamvu yoletsa katundu wina kulowa kapena kutuluka pongotulutsa chidziwitso mu gazeti ya boma, ndipo gazetiyo sinafikepo pa benchi ya mayi aliyense wa mu msika. Mu Malichi 2025, nduna ya nthawiyo, a Vitumbiko Mumba, inaletsa kulowetsa m'dziko zinthu zambiri, kuphatikizapo ufa wa chimanga, mpunga, mbatatesi, anyezi, adyo, jinja, zipatso zimene zimalimidwa kuno, machesi, ngakhale timitengo totokosera m'mano. Cholinga chinali kusunga ndalama zakunja ndi kupatsa msika alimi athu, ndipo kunena zoona, mlimi wa mpunga wa Kilombero ku Karonga anali ndi chifukwa chomveka chokondwerera.

Ineyo sabata imeneyo ndinali ku Mbeya. Kwa zaka zonse ndinali wa zitenje, koma dyera linandigwira nditaona phindu limene anzanga ankapeza pa jinja ndi adyo. Ndinatenga ndalama ku banki m'khonde, ndinaonjezera za katapila, ndipo ndinadzaza theka la lole limene tinabwereka anthu atatu. Titadutsa Tukuyu, dalaivala analandira foni, n'kuimitsa galimoto pambali pa msewu osanena kanthu kwa nthawi yaitali. Kenako anatiuza kuti katundu wathu waletsedwa.

Masiku amene anatsatira sindifuna kuwakumbukira, koma ndiwanena kuti mudziwe kumene mukufuna kulowa. Ndinapita kwa bwana wina, amene sinditchula dzina lake kapena ofesi yake, nditanyamula malisiti osonyeza kuti katunduyo ndinagula chiletso chisanalengezedwe. Sanawayang'ane n'komwe. Anandisiya chiimire, mayi wamkulu ngati ine, iye akuseweretsa foni, kenako anandiuza kuti ndibwere mawa. Mawa lake anati amene amasaina wachoka. Tsiku lachitatu kunabwera mnyamata wina wodzitcha ejenti, amene anandinong'oneza kuti nkhaniyi ikhoza kutha ndikapereka kangachepe, ndipo ine, amene ndakhala ndikudzudzula ena pa zimenezi, ndinapereka. Mnyamatayo sindinamuonenso. Bwana uja atandiona tsiku lotsatira anamwetulira mwa mtundu wina, ndipo mpaka lero ndikukhulupirira kuti ankadziwa kumene ndalama yanga inapita.

Kudera la nyanja kumatentha, ndipo adyo ndi jinja zikakhala m'matumba pansi pa tenti ya lole zimachita thukuta n'kuyamba kununkha. Anyamata a njinga zamoto ankabwera usiku uliwonse kudzatiuza kuti akhoza kuwolotsa matumba pa madooko a mtsinje, mwa njira zozembera. Mmodzi wa anzanga awiri aja anavomera, katundu wake anawoloka, ndipo anagulitsa pa mtengo wokwera chifukwa zinthuzo zinali zitayamba kuchepa mu msika. Ine ndinakana, mwina chifukwa cha ulemu, mwina chifukwa cha mantha chabe, pakuti akakugwirani mwazembetsa, lamulo la kasitomu limalola kulanda katundu ndi kukulipitsani chindapusa. Ndinagulitsa zimene zinatsala zabwino tsidya lomwelo, kwa anthu amene ankaona kuti ndapanikizika, pa mtengo umene sindinauzepo ngakhale bambo a kunyumba.

Kumapeto kwa Epulo 2025, nduna ya zaulimi ya ku Tanzania ya nthawiyo, a Hussein Bashe, inabwezera poletsa zokolola za ku Malawi kulowa m'dziko lawo, ndipo amayi a mbali zonse ziwiri anakhala pa malire akuyang'ana nthochi ndi tomato zikuwola. Kumbukiraninso kuti nthochi zambiri zimene timadya mu Mzuzu zimachokera tsidya lomwelo, chiyambireni pamene matenda a chisaka anawononga minda ya ku Nkhata Bay. Patangopita masiku ochepa Tanzania inachotsa chiletso chake, akuluakulu a mayiko awiriwa anakumana ku Dodoma kumayambiriro kwa Meyi, anagwirana chanza ndipo anajambulitsa zithunzi. Wa katapila uja za ku Dodoma sizinkamukhudza. Chiwongoladzanja chake chinkakwera mwezi uliwonse, mpaka ndinagulitsa puloti yanga ya ku Mchengautuwa, imene ndinali nditaumbira kale njerwa.

Ndinabwerera ku zitenje zanga, ndipo mu Taifa monse mulibe amene amandiposa pozindikira nsalu yosasuluka pongoigwira. Ngati mtima wanu ukadali pomwepo, musayambe ndi katundu wowola, musatenge ngongole ya katapila pa ulendo woyamba, ndipo musanapereke shilingi iliyonse ku Mbeya kapena ku Kyela, imbirani munthu amene wawoloka m'mawa wa tsiku lomwelo kuti akuuzeni ngati pali chatsopano chimene chalengezedwa. Lisiti lililonse muzilisunga m'kapepala kapulasitiki, ngakhale lanu likhoza kukanidwa monga anakanira langa. Ine ndinyamukanso Lachiwiri m'bandakucha. Mukafuna, bwerani ndi pasipoti kapena chiphaso chowolokera pa malire, mudzandinyamulire zikwama, koma ulendo umenewu simugula kanthu.