Mapepala a ku kampu sanandilowetse pa geti

Achimwene, poti mukufunsa za ntchito ya kumigodi ndi ya zamagetsi mukatuluka usilikali, ndalama ya penshoniyo musaikhudze kaye mpaka mutamva zimene zinandigwera ine. Ndinakhala zaka 19 m'galaji ya asilikali ndikukonza malole ndi majenereta, ndipo potuluka ndinali ndi maganizo omwe muli nawo inuwa, akuti kumigodi kuli ndalama ndipo munthu wodziwa injini sangakanidwe.

Amene anandipweteka si mlendo ayi, ndi munthu amene tinkadyera limodzi ku kampu. Anandiuza kuti mlamu wake amalemba anthu ntchito pa kampani ina ya makontrakiti ku Solwezi, tauni ya migodi kuno ku Zambia, ndipo ndikapereka K7,000 dzina langa lilowa m'gulu la amakanika a makina akuluakulu. Ndinatumiza ndalamayo pa foni, mayi a kunyumba akundiletsa. Ndinagula ovolosi ndi nsapato za pantchito ku Kamwala, n'kukwera basi pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka m'bandakucha, ulendo wa makilomita pafupifupi 600. Kutacha ndinakaima pa geti ya kampaniyo kuyambira 6 koloko, envelopu yakhaki ili m'manja, malole akudutsa n'kumandithira fumbi lofiira. Cha m'ma 11 koloko mtsikana wa mu ofesi, wamsinkhu wa mwana wanga woyamba, anatsegula envelopu ija, anayang'ana kalata yotulukira usilikali ndi mapepala a makosi a ku kampu, kenako anandifunsa mwaulemu kuti, "Atate, satifiketi ya TEVETA ili kuti? Nanga laisensi ya EIZ ndi pepala la silicosis?" Ndinalibe ngakhale chimodzi, ndipo dzina la mlamu uja anali asanalimvepo. Anyamata amene anali pamzere kumbuyo kwanga anangoweramitsa mitu pondimvera manyazi. Ndinaimba foni ya mnzanga uja kasanu ndi kawiri nditaima pansi pa mtengo, koma inali yozimitsa. Usiku umenewo ndinagona pa benchi ya pa siteshoni nditatsamira nsapato zatsopano zija, chifukwa ndalama imene inatsala inali yongokwanira basi yobwerera.

Mpaka lero munthu ameneyu akuyenda momasuka, ndipo tikakumana pa maliro a anzathu amabwera kudzandipatsa moni ndi manja awiri ngati palibe chinachitika. Anadziwa tsiku limene ndalama yanga inatuluka, anadziwa kuti ana anga awiri anali ku sekondale, koma mtima wake sunagunde n'komwe. Munthu wovala naye yunifolomu imodzi kukuchita chipongwe chotere, chilonda chake sichipola msanga.

Tsono mverani. Luso limene muli nalo ndi lenileni, koma olemba ntchito amafuna pepala limene iwo akulidziwa. Pitani ku TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, mukafunse za Recognition of Prior Learning, njira imene amayesera luso limene munthu analipeza pantchito, kuti mulembe trade test, mayeso a umisiri, popanda kuyambiranso ngati mwana wongomaliza kumene Grade 12. Ngati mphamvu ndi ndalama zilipo, kosi ya Heavy Equipment Repair, yokonza makina akuluakulu, ku koleji ya NORTEC ku Ndola ndiyo ndingakulimbikitseni, chifukwa injini ya dizilo mukuidziwa kale, chimene ambirife timasowa ndi haidiroliki ndi kuyeza matenda a makina ndi kompyuta. Pepala likatuluka mukalembetse ku Engineering Institution of Zambia (EIZ), bungwe la mainjiniya, pakuti lamulo la 2010 limafuna kuti ngakhale amisiri akhale olembetsedwa, ndipo laisensi yake imakonzedwanso chaka chilichonse. Pepala la silicosis, matenda a mapapo obwera ndi fumbi la m'migodi, limachokera ku Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe atakuyezani mapapo, ndipo popanda limenelo simugwira ntchito mumgodi.

Zamagetsi zimene mwatchulazo musazipeputse. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo odziwa kuika sola ndi kukonza majenereta muno mu Lusaka sankagona ndi njala. Komabe ndalama yokhazikika, ya mwezi ndi mwezi, ili ku migodi ya cha ku Solwezi monga Kansanshi, Lumwana ndi Sentinel, kotero kuti ndikanakhala wamsinkhu wanu ndikanabwererako ndithu, ngakhale kuti ndinalumbira kuti sindidzapondanso ku Solwezi.

Komanso anzanu a ku kampu musawataye. Ntchito imene ndili nayo lero, yoyang'anira galaji ya malole ku Chinika, anandipezera ndi sajeni wanga wakale, amene anangonditengera kwa abwana ake nditapeza trade test, osandipempha ngakhale ngwee imodzi. Funsani amene anatuluka kale, muwaimbire mmodzimmodzi, koma wina akangotchula ndalama yolowetsera dzina, mudule foni pomwepo.