Plymouth Road Runner: galimoto yamphamvu imene inapangidwira achinyamata a m'thumba mopepuka

Ndalandira imelo yanu, bambo, imene mwanena kuti munaona chithunzi cha galimoto yakale ya ku America yokhala ndi kambalame ka m'katuni pachitseko, ndipo munadabwa kumva kuti pa nthawi yake inali yotchipa. Mwafunsa kuti inayamba bwanji, ndiponso kuti n'chifukwa chiyani inasiya kupangidwa ngati inali yokondedwa chotero. Galimoto imeneyo ndi Plymouth Road Runner, ndipo ndikuyankhani mwatsatanetsatane chifukwa ndi imodzi mwa magalimoto amene ndimawalemekeza kwambiri.

Tiyambire mu 1964, pamene kampani ya Pontiac inaika injini yaikulu ya V8 m'galimoto ya thupi lapakatikati n'kuitcha GTO. Achinyamata a ku America anaikonda, makampani ena anatsanzira, ndipo magalimoto amtunduwu ndi amene anadzatchedwa muscle car. Koma patangopita zaka zitatu, magalimotowa anali atalemera ndi zokongoletsa: mipando yapamwamba, zitsulo zonyezimira, makapeti, ndipo mtengo unakwera limodzi ndi zinthuzo. Nayonso Plymouth, imene inali nthambi ya kampani ya Chrysler, inatulutsa GTX mu 1967, galimoto yabwino ndithu koma yodula. Mnyamata amene wangoyamba kumene ntchito, yemwe ndiye ankalakalaka liwiro kuposa wina aliyense, ankangoiyang'ana pa zenera la ogulitsa.

Apa ndi pamene anthu okonza mapulani a magalimoto ku Plymouth, motsogozedwa ndi Jack Smith, anaganiza zobwerera pachiyambi. Cholinga chawo chinali galimoto yothamanga mtunda wa pafupifupi mamita 400 m'masekondi 14, koma yogulitsidwa pa mtengo wosafika madola 3,000. Anatenga thupi lotsika mtengo la galimoto yawo ya Belvedere ya zitseko ziwiri, n'kuchotsamo chilichonse chosathandiza kuthamanga. Mukanatsegula chitseko cha Road Runner yoyambirira ya 1968, mukanapeza mpando umodzi wautali ngati benchi, pansi pali mphira m'malo mwa kapeti, ndipo mawindo akumbuyo sankatsika ndi chogudubuza koma ankangokankhidwira kunja pang'ono. Ndalama zonse zinapita pansi pa boneti. Munali injini ya 383, imene ndi malita 6.3, yopatsidwa zipangizo zina za injini yaikulu ya 440 kuti izitulutsa mphamvu zokwana 335 horsepower, pamodzi ndi magiya anayi osintha ndi dzanja, masipuling'i olimba ndi mabuleki aakulu. Amene anali ndi ndalama zina pafupifupi madola 700 ankatha kuitanitsa injini yotchuka ya 426 Hemi ya 425 horsepower.

Ineyo ndimaona kuti nzeru ya galimotoyi ili pamenepa. Kutchipa kwake sikunali kuperewera ayi, linali dala, ndipo wogula ankadziwa bwino lomwe chimene ndalama yake yagula.

Za mbalame ija, Plymouth inalipira kampani ya mafilimu ya Warner Bros. madola 50,000 kuti igwiritse ntchito dzina ndi chithunzi cha Road Runner, mbalame yothamanga ya m'makatuni awo, ndipo inawononganso ndalama zina kukonza hutala yolira ngati mbalameyo. M'chaka choyamba kachithunziko kanali kakuda ndi koyera, ndipo mitundu inabwera mu 1969. Zingaoneke zazing'ono, koma zinapatsa galimoto yosakongoletsedwa nkhope yoti anthu aziikumbukira, pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kuikonzera thupi latsopano.

Malonda anaposa zimene eniake ankayembekezera. Mu 1968 anagulitsa pafupifupi 45,000, ndipo a Dodge, omwenso ndi a Chrysler, anafulumira kutulutsa yawo yofanana nayo yotchedwa Super Bee. Mu 1969 chiwerengero chinapitirira 80,000, magazini ya Motor Trend n'kuisankha kukhala galimoto ya chakacho. Pakati pa chaka chomwecho panabwera mtundu umene ndimaukonda kuposa yonse, wa injini ya 440 yokhala ndi makabuleta atatu, ya 390 horsepower. Boneti yake inali yakuda, ya fiberglass, yopanda mahinji. Inkagwidwa ndi mapini anayi, ndipo kuti munthu aone mafuta a injini ankachita kuinyamula yonse n'kuiika pambali. Magudumu ake anali achitsulo chakuda, opanda zovindikira. Palibe chimene chinabisidwa pa galimoto imeneyi.

N'kutheka kuti pofufuza mwakumananso ndi ina ya mphuno yosongoka ndi chiphiko chachitali kumbuyo. Imeneyo ndi Superbird ya 1970, mtundu wa Road Runner wopangidwira mipikisano ya magalimoto ya bungwe la ku America la NASCAR, ndipo chifukwa china choipangira chinali kukopa Richard Petty, katswiri woyendetsa magalimoto a mpikisano amene anali atapita ku Ford mu 1969, kuti abwerere ku Plymouth. Malamulo a mpikisano ankafuna kuti galimoto yopikisana izigulitsidwanso kwa anthu wamba, choncho anapanga zosafika 2,000. Woyendetsa wina, Pete Hamilton, anapambana nayo mpikisano wa Daytona 500 chaka chomwecho, koma pamsika ambiri ankaiona yachilendo ndipo zina zinakhalitsa kwa ogulitsa. Mu 1971 a NASCAR anachepetsa kukula kwa injini yololedwa pa magalimoto a zipiko, nkhani yake n'kuthera pomwepo. Lero Superbird ndi imene imagulidwa ndalama zochuluka zedi, ngakhale kuti inali itatalikirana ndi ganizo loyamba lija la galimoto ya munthu wamba.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Chimene chinaigwetsa Road Runner poyamba ndi inshuwalansi. Makampani a inshuwalansi, poona ngozi za achinyamata oyendetsa magalimoto amphamvu, anakweza kwambiri ndalama zolipira, ndipo anthu amene anawawidwa kwambiri anali omwe aja galimotoyi inawapangidwira. Kugula kunali kotheka, koma kuisunga pamsewu kunayamba kulemera. Malonda a 1970 anatsika pafupifupi ndi theka, ndipo Plymouth yomweyo inali itatulutsa Duster 340, yaing'ono ndi yotchipirapo, imene inatenga ena mwa ogula. Kenako kunabwera malamulo a boma ochepetsa utsi woipa, amene anakakamiza makampani kufewetsa injini zawo. Chaka cha 1971 chinali chomaliza cha Hemi. Pofika 1973 injini yoyambira inali 318, yochepa mphamvu kwambiri poyerekeza ndi 383 ija, ndipo kumapeto kwa chakacho mayiko achiarabu ogulitsa mafuta analetsa kutumiza mafuta ku America, petulo n'kusowa ndi kukwera mtengo. Galimoto yomwa mafuta chotero inalibenso malo.

Dzinalo linakhalabe kwa kanthawi. Mu 1975 linaikidwa pa thupi la galimoto ina ya Plymouth yotchedwa Fury, ndipo kuyambira 1976 mpaka 1980 linangokhala mizere ya utoto ndi zokongoletsa zoonjezera pa inanso yotchedwa Volaré, zimene zimandimvetsa chisoni ndikakumbukira kuti galimotoyi inabadwa pokana zokongoletsa. Dzina la Plymouth lenilenilo linathetsedwa mu 2001.

Ngati chithunzi chanucho mukadali nacho, yang'anitsitsani kambalame ka pachitsekoko. Kakakhala kakuda ndi koyera, ndipo m'mbali mwa galimotoyo muli tinyale ting'onoting'ono tozungulira, ndiye kuti mwaona ya 1968, yoyambirira yeniyeniyo.