Za MX-5 mwandifunsazi, achimwene

Mwafunsa kuti malonda oitanitsa tigalimoto ta mipando iwiri, totsekula tenti, amayenda bwanji, komanso ngati Mazda MX-5 munthu angayendere tsiku ndi tsiku. Ndayamba kale ntchito imeneyi, ndiye tcherani khutu.

Galimotoyo payokha ilibe mlandu. A Mazda anayamba kuipanga mu 1989 ku Hiroshima, ndipo pofika 2016 anali atatulutsa miliyoni imodzi. Pa okishoni ku Japan muziifunafuna ndi dzina loti Roadster. Kulemera kwake ndi makilogalamu pafupifupi 1,000 kapena kuposerapo pang'ono, imakoka ndi matayala akumbuyo, ndiye pakona mukangogwedeza chiwongolero yamva kale. Mwa zonse ndabweretsa, palibe inandivutapo injini. Ndimasankha ine.

Koma musadzakomedwe ndi giredi 4 pa pepala la okishoni, malikisi osonyeza kuti galimoto ili bwino. Ndinapsa nayo ine, ya 1999, yasiliva, yowala ngati yatsopano. Kasitomala anapereka dipoziti ataona zithunzi zokha. Kumbuyo kwa mipando kuli timabowo totulutsa madzi otsika pa tenti. Timeneti tikatsekeka ndi zinyalala, madzi amatsikira m'zitsulo za pansi pa zitseko, dzimbiri n'kumadya kuchokera m'kati penti ili bwinobwino. Yanga inali itayamba kale, ine osadziwa.

Kenako pa boda. Bwana wina wa kasitomu anangoona kuti ilibe denga lachitsulo, basi akuti iyi ndi ya anthu olemera, invoisi yanga ndi yabodza. Ndinamuonetsa risiti ya okishoni, ya sitima, ya kubanki, osayang'anako n'komwe. Bwerani mawa. Mawa lake akuti asaina ndi wina, wapita ku msonkhano. Masabata atatu galimoto ili panja, mvula ikugwa usana ndi usiku, ndalama yosungira ikukwera tsiku lililonse, ine ndikugona pa mpando wa thiraki ya mnzanga. Munthu amene sanaikepo khobidi lake pa katundu sadziwa kuti tsiku limodzi limapweteka bwanji. Mpaka lero ndikaona yunifolomu ija mtima umandiwawa.

Tsiku loitulutsa ndinapeza makapeti ali chonyowa, fungo la nkhungu, ndipo nditakanikiza chala pansi pa chitseko chitsulo chinaboka. Kasitomala anafuna dipoziti yake. Ndinagulitsa galimoto zina ziwiri motchipa kuti ndimubwezere ndi kutseka ngongole, chifukwa dzina langa sindiseweretsa.

Nditawotcheretsa zitsulo ndinaiyendera ndekha miyezi isanu ndi itatu, ndiye za tsiku ndi tsikuzo ndikuzidziwa. Mafuta simadya kwambiri. Tenti mumatsekula ndi dzanja, osatuluka n'komwe. M'mawa kapena dzuwa likapendeka, mphepo ikukupitani m'makutu, giya ikulowa mwaufupi, mumaiwala mavuto. Koma buti ndi ya zikwama ziwiri zofewa, ngakhale ya masiku ano ndi malita 130 okha. Ndi yotsika, hampu iliyonse mumaidutsa chopingasa. Paulendo wautali phokoso limatopetsa, ndipo wakuba safuna kiyi, mpeni wokha wang'amba tenti. Ngati muli ndi ana, ikhale galimoto yachiwiri.

Ejenti wokugulirani ku okishoni akujambulireni pansi pa zitseko zonse ziwiri, chakumatayala akumbuyo, musanatumize kalikonse. Ndipo dipoziti ya munthu musaigwiritse ntchito galimoto isanatuluke pa boda.