Musalembe kalata yosiya ntchito

Mayi, mwati mwagwira ntchito ya ukalaliki zaka 7, ndipo chidulireni mwendo chifukwa cha matenda a shuga, abwana akuti kampani siingasunge munthu woyenda ndi ndodo. Akufuna mulembe kalata yosiya ntchito mwakufuna kwanu kuti akupatseni kangachepe, ndipo amalume anu akuti ingolembani nkhani ithe.

Musalembe. Kalata imeneyo yagwetsa milandu yambiri imene ikanayenda bwino. Lamulo la Employment Act la 2000, gawo 57, limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha ulumali, ndipo limati asanamuchotse chifukwa cha kagwiridwe kake ka ntchito amve kaye mbali yake. Akakuchotsani okha, gawo 61 limati ndi abwana oyenera kusonyeza khothi chifukwa chomveka. Akalephera, khothi limatenga kuti anakuchotsani mopanda chilungamo. Koma mukalemba nokha, mtolo wonse umabwerera kwa inu. Mudzayenera kutsimikizira kuti anakuzunzani kufikira simukanatha kupirira, pamene loya wa kampani wanyamula pepala la dzanja lanu lonena kuti mwachoka mwamtendere, mwinanso mukuthokoza. Mawu a ndodo aja adzawakana poyera, poti ananenedwa pakamwa muli awiri. Ndalama za severance, zimene munthu amalandira akachotsedwa ntchito popanda kulakwa, nazo zimapita, chifukwa wosiya yekha salandira. Zimandiwawa kuti achibale ndiwo amafulumizitsa zimenezi, pomwe tsiku la mlandu sadzakhalapo.

Pitirizani kupita kuntchito, asadzanene kuti munathawa. Alembereni kalata yopempha kuti zimene akufunazo azilembe, ndipo mupemphe zokuthandizani kugwira ntchito, monga kukhala mu ofesi yapansi. Sungani kope la kalatayo, makalata a dokotala, mapepala a malipiro ndi mauthenga a pa WhatsApp.

Akakuchotsani, muli ndi miyezi itatu yokha yokadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Onetsetsani kuti dandaulo lalembedwa ndipo adindapo tsiku. Zoti "bweraninso sabata ya mawa" musazilole zidye nthawi yanu. Pakatha mwezi osagwirizana, nkhani ikhoza kupita ku Industrial Relations Court, khothi loweruza milandu ya pantchito. Ngati loya simungamukwanitse, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya.

Sindingalonjeze kuti mupambana, ndipo milandu imachedwa. Khothi likakukomerani, likhoza kulamula kuti mubwerere pantchito kapena mulandire chipukuta misozi, chimene pa zaka 7 sichichepera malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse.