Zokaona sitima yomira ku Mombasa: yankho kwa achemwali a ku Chinamwali

Kalata ya sabata ino yachokera konkuno ku Zomba. Achemwali ena a ku Chinamwali akuti akupita ku Mombasa pa za ntchito, ndipo anzawo akumeneko awalonjeza kukawaonetsa sitima yomwe inamira m'nyanja yamchere. Funso lawo ndi lakuti: "Kusambira ndimatha, ndakulira mu Likangala. Kodi atangondibereka silinda ya mpweya kumsana, sindingatsike n'kukalowa m'kati mwa sitimayo?"

Achemwali, kukaiona mungathe, mukayamba mwaphunzira. Koma zolowa m'kati, ulendo uno ziiwaleni.

Sitima yomwe alendo ambiri amakaona ku Mombasa ndi MV Dania. Kale inkanyamula ng'ombe, ndipo mu 2002 anaimiza dala kuti isanduke nyumba ya nsomba. Yakhala pansi pa mamita pafupifupi 30. Nambala imeneyi muisunge. Satifiketi yoyamba ya olowa pansi pa madzi, yomwe amaitcha Open Water, imakulolani kufika mamita 18 basi. Kuti mufike 30 pamafunika maphunziro achiwiri, ndipo kulowa m'zipinda za sitima kuli ndi maphunziro akeake pamwamba pa amenewo.

Si kuti aphunzitsiwo akungofuna ndalama zanu ayi. Madzi amalemera. Mukatsika mamita 10 aliwonse, thupi limapanikizika ndi mphamvu ina yofanana ndi ya mpweya wonse umene uli pamwamba pathu kumtunda kuno. Pa mamita 30 ndiye kuti mwapanikizika kanayi, ndipo silinda imathanso msanga kanayi. Musilindamo si okosijeni wa kuchipatala monga ambiri amaganizira. Ndi mpweya wamba womwe tikupumawu, wongopoperedwa mothinana. Gawo lake lalikulu ndi nayitrojeni, amene amalowerera m'magazi mukakhalitsa pansi. Cha pa mamita 30 pomwepo ena amayamba kuzweta mutu ngati alawa kachasu, n'kumaseka okha mpweya ukutha. Mukavuuka mothamanga, nayitrojeni uja amachita thovu m'magazi ndi m'mfundo za mafupa, moti munthu akhoza kufa ziwalo. N'chifukwa chake pokwera amakwera pang'onopang'ono, n'kuima mphindi 3 pa mamita 5. Ndipo mpweya sausunga m'chifuwa pokwera, mapapo angaphulike.

Zonsezi n'za panja, pomwe mukaona zovuta mumangoloza kumwamba. M'kati mwa sitima kumwamba kuli denga lachitsulo. Pansi pa zipinda pamakhala matope osalala a zaka zambiri, ndipo kungopalasa mwendo kamodzi molakwika, chipinda chonse chimachita mbuu ngati fumbi la ufa m'chigayo. Tochi imangowalitsa matopewo, dzanja lanu lomwe simuliona, khomo lomwe munalowera silidziwikanso. Thovu lomwe mukupuma nalo limagunda kudenga n'kumagwetsa dzimbiri. Onjezanipo mawaya olendewera, maukonde a asodzi okodwa m'zitsulo, ndi malata akuthwa. Odziwa ntchitoyi amalowa akumasula chingwe kuyambira pakhomo kuti pobwerera azichitsata ndi dzanja, amatenga matochi oposa imodzi ndi kampeni, ndipo mpweya amaugawa patatu: wolowera, wotulukira, ndi wina wosakhudza, wodikira tsoka.

Kunena zoona, zokoma zambiri zili kunja komweko. Chitsulo chikakhalitsa m'madzi ofunda chimamera matanthwe amoyo a makorali, ndipo nsomba zimadzazana mozungulira. Ku Tulamben, pa chilumba cha Bali ku Indonesia, kuli sitima ya Liberty yomwe inaphulitsidwa mu 1942 n'kukankhidwira m'madzi pamene phiri la Agung linaphulika mu 1963. Imayambira pa mamita ngati 5, ndipo anthu amangoyenda kuchokera pagombe. Yotchuka kwambiri ndi Thistlegorm ya m'nyanja ya Red Sea, kufupi ndi Egypt, yomwe ndege za Germany zinaimiza mu 1941. Mpaka lero muli njinga zamoto, malole ndi majombo a asilikali.

Musatolepo kanthu. Ngakhale kabawuti. Sitima zambiri zomira ndi manda a anthu, ndipo ife Amalawi izi sitichita kuuzidwa: sitima ya Vipya inamira pa 30 July 1946 kumpoto kwa nyanja yathu, kufupi ndi Chitimba, n'kupita ndi anthu 145. Pangano la 2001 la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, limatetezanso zinthu zomwe zakhala pansi pa madzi zaka 100 kapena kuposa.

Ndikanakhala inu ndikanaphunzirira kwathu konkuno ndisananyamuke. Kuchoka pa Zomba kudzera pa Liwonde ndi Mangochi mwafika ku Cape Maclear, ndipo ku Nkhata Bay nakonso kuli sukulu ya zimenezi. Maphunziro oyamba amatenga masiku atatu kapena anayi. Adzakuyesani kusambira mamita 200 ndi kuyandama mphindi 10, apa ndiye Likangala uja adzakuthandizani. Zina zonse ndi zachilendo: kupumira pakamwa, kutulutsa madzi m'magalasi muli pansi, kutsina mphuno n'kuuzira pang'ono kuti makutu asapweteke. Madzi athu alibe mchere wolasa m'maso, alibe mafunde okoka a nyanja yaikulu, ndipo mbuna zimabwera kudzakusuzumirani pamagalasi penipeni. Mukafika ku Mombasa mudzangowauza kuti munaphunzirira m'madzi opanda mchere, akuwonjezereni zitsulo zolemetsa palamba, poti madzi amchere amayandamitsa kwambiri. Ngati muli ndi mphumu, vuto la mtima kapena ndinu oyembekezera, yambani mwaonana ndi dokotala. Amayi oyembekezera salowa n'komwe.

Chomaliza chikukhudza ife a ku Zomba makamaka. Mukatuluka m'madzi nayitrojeni uja amakhala asanathe m'thupi, ndiye kukwera pamalo okwera msanga n'kuputa thovu lomwe lija. Mukalowa kamodzi dikirani maola 12 musanakwere ndege, mukalowa kangapo maola 18 kapena kuposa. Choncho musaike ulendo wa ku sitimayo tsiku lobwerera. Chimodzimodzi mukachokera ku Cape Maclear: nyanja ili pa mamita ngati 470 pamwamba pa nyanja yamchere, tauni yathu ili cha pa 900, ndipo ku Chawe n'kokwera kuposa apo. Gonani kunyanjako usiku umodzi, za kuphiri mudzaziona mawa lake.