Waqf ingayendetse sukulu ndi chipatala, koma muyambe ndi cholowetsa ndalama

M'bale wina wandilembera pa imelo kuti gulu lawo limasonkhanitsa zakaat (chopereka chokakamizidwa kwa Msilamu wachuma) ndi sadaka chaka ndi chaka, koma zonse zimathera m'mwezi wa Ramadan ndipo ovutika amakhala omwewo. Akufunsa ngati waqf, chuma choperekedwa kwa Allah mpaka kalekale kuti phindu lake lizithandiza anthu, ingawathandize kuyendetsa sukulu ndi chipatala mokhazikika.

Ingathandize ndithu, m'bale wanga. Zakaat ili ndi malire ake: ndi 2.5 peresenti ya chuma chomwe chakwana nisab (mlingo womwe zakaat imayambira), ndipo Qur'an (9:60) inatchula magulu 8 oyenera kulandira. Ikalowa iyenera kugawidwa. Pa waqf munthu amapereka munda, nyumba kapena sitolo chifukwa cha Allah, ndipo chinthucho sichigulitsidwanso, sichipatsidwa kwa wina, ngakhale ana sachigawana pa chuma chamasiye. Chogwiritsidwa ntchito ndi phindu lake lokha. Umar ibn al-Khattab atapeza munda ku Khaybar, Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) anamulangiza kuti mundawo ausunge, zokolola zake azipereka sadaka.

Pomwe ambiri timaphonya ndi apa. Tikamva za waqf timathamangira kumanga mzikiti kapena midadada ya sukulu, n'kuiwala kuti nyumba zimenezi zimadya ndalama tsiku lililonse: malipiro a aphunzitsi, mankhwala, magetsi, denga likadontha. Akale sankamanga chodya ndalama popanda chochidyetsa. Mu 1552 Hurrem Sultan, mkazi wa Sultan Suleiman wa ufumu wa Ottoman, atakhazikitsa malo ophikira osauka ku Yerusalemu, anaperekanso minda, masitolo ndi nyumba zosambira zolipiritsa kuti ndalama zake zizigula chakudya. N'chifukwa chake miphika inkakhalabe pamoto mwiniwake atamwalira kalekale. Inunso yambani ndi nyumba zochititsa lendi kapena munda, sukulu ibwere pambuyo lendi ikayamba kulowa.

Ngati pagulu lanu palibe wa malo oti apereke, ndalamanso zimatheka kukhala waqf. Ma ulama, akatswiri a chipembedzo, anatsutsanapo kwambiri m'zaka za m'ma 1500, mpaka mufti (wogamula nkhani za Sharia) wamkulu wa ufumu wa Ottoman, Ebussuud Efendi, anavomereza. Dziko la Indonesia linaika waqf ya ndalama m'lamulo lake la waqf la 2004, ndipo mu 2020 boma lakumeneko linayamba kugulitsa sukuk (zikalata zoikira ndalama ku boma motsatira Sharia) yolumikizidwa ndi waqf: ndalama yoperekedwa imakhalabe yonse, phindu lake n'kumapita ku ntchito zachifundo, kuphatikizapo chipatala cha maso m'chigawo cha Banten.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi woyang'anira, amene amatchedwa nazir kapena mutawalli. Waqf zambiri zinafera m'manja mwa anthu opemphera bwino koma osalemba kanthu. Wopereka akatisiya, adzukulu amati malowo ndi a agogo awo, ndipo palibe pepala lowatsutsa. Kwina lendi imakhala yomweyo zaka zambirimbiri chifukwa wokhalamo ndi wachibale wa woyang'anira. Zimandipweteka, chifukwa wobedwa pamenepo ndi mwana wamasiye yemwe sangakadandaule kulikonse.

Choncho lembetsani malowo motsatira malamulo a dziko lanu, cholinga cha waqf chilembedwe pamaso pa mboni. Oyang'anira akhale angapo, pakati pawo pakhale wodziwa kuwerengera ndalama, ndipo chaka chilichonse azifotokozera gulu lonse zomwe zalowa ndi zatuluka. Phindu likabwera, patulani kaye la kukonzera nyumbayo musanagawe lotsalalo; mabuku a fiqh, malamulo a Chisilamu, amaika kukonzako patsogolo. Zaka zoyambirira phindu lidzakhala lochepa, ndiye auzirenitu osonkha, ndipo pa njala ya lero pitirizani ndi zakaat ndi sadaka monga mwa kale.